MWANA WA MLIMI AMENE ANAPITA KUTALI KUKAJAMBULA MBEWA

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi, ndipo taisindikiza pano kuti amene sanamve awerenge okha, ndi kuwerengeranso anzawo pabwalo.

 Lero sitikamba za mbewu kapena za dibi la ng'ombe ayi. Tikamba za munthu wochoka kwawo kupita kutali kukagwira ntchito, ndi m'mene amakhalira kumeneko akaweruka, tsiku la Sabata, ndi pa nthawi ya livi.

Nkhani yotere si yachilendo kwa inu. Palibe mudzi umene sunaperekezepo mnyamata ku basi kapena ku sitima. Makolo athu anapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena anatchona osaonekanso. Mfumu imadziwa kuti milandu yambiri ya pabwalo pake imayambira pa munthu amene palibe: munda wake alime ndani, mkazi wake adikire kufikira liti, amayi ake okalamba awasunge ndani. Koma za moyo wa munthuyo kumene ali timangomva zimene iye wafuna kutiuza. Chifukwa chake ndasankha munthu mmodzi amene mbiri yake iri yodziwika bwino, kuti tiutsate moyo wake wa paulendo kuyambira tsiku lonyamuka kufikira imfa. Dzina lake ndi Walt Disney, wa ku America.

Ntchito yake inali yojambula zithunzi zoyenda, zimene ana amazitcha makatuni. Achikulire mukukumbukira galimoto ya kanema imene inkafika m'midzi, n'kupachika chinsalu choyera dzuwa litalowa. Pa kanema wamba amajambula anthu enieni ndi kamera. Pa makatuni palibe munthu kapena nyama yeniyeni. Masiku amenewo panali pepala ndi pensulo basi. Munthu amajambula mbewa itakweza phazi pang'ono, pa pepala lina italikweza koposa, pa lina italitsitsa, ndipo mapepalawo amawatola ndi kamera limodzi limodzi. Makina a kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo diso lathu, polephera kuzilekanitsa, limaona ngati mbewayo ikuyendadi. Tsono werengani nokha: kanema wa mphindi 7 amadya zithunzi 10,080. Nthawi zina chojambula chimodzi amachionetsa kawiri kuti apepuze ntchito, komabe mapepala amakhala zikwi ndithu. Munthuyo amakhala pa mpando tsiku lonse, msana utapindika, maso ali pa galasi lowala ndi nyali ya pansi pake. Satuluka matuza m'manja monga ife, koma kutopa kwake kulipo, monga mumva posachedwa.

Walt anabadwira mu mzinda wa Chicago pa 5 Disembala 1901. Mu 1906 bambo wake, a Elias Disney, anagula munda wa maekala opitirira 40 pafupi ndi kamzinda ka Marceline, m'chigawo cha Missouri. Panali mitengo ya maapozi, nkhumba, nkhuku, ng'ombe ndi akavalo. Mwanayo anali wamng'ono kuti agwire ntchito yolemetsa, choncho ankangoyendayenda ndi ziweto n'kumaziyang'anitsitsa. Tsiku lina iye ndi mlongo wake Ruth anapeza mbiya ya phula, najambula nalo pakhoma loyera la nyumba, ndipo phulalo linakana kuchoka. Dokotala wina wopuma ntchito, a Sherwood, anamuitana kuti ajambule kavalo wawo, nampatsa kandalama. Njanji ya Santa Fe inkadutsa pafupi ndi mundawo, ndipo mbale wawo wina, a Mike Martin, anali woyendetsa sitima pa njanjiyo. Sungani zimenezi, pakuti sitima idzabweranso m'nkhani yathu.

Mundawo sunawayendere bwino. A Elias anali munthu wouma mtima pa ndalama. Ana awo akulu awiri, Herbert ndi Raymond, analima padera napeza kangachepe, koma bambo wawo anati ndalamazo zipite ku ngongole ya munda. Usiku anyamatawo anatulukira pawindo nakakwera sitima, ndipo sanabwererenso kudzalima. Inu abambo amene mumalima ndi ana aakulu osawagawira kanthu pokolola, nkhaniyo mwaimva, sindionjezapo. Pambuyo pake a Elias anadwala, manja olima anasowa, ndipo mu 1910 munda unagulitsidwa. Mu 1911 banja linasamukira ku Kansas City, kumene Walt kwa zaka 6 ankadzuka kusanache kukagawa nyuzipepala m'makomo, ngakhale m'nyengo yozizira koopsa, osalandira malipiro kwa bambo wake. Pamunda anakhalapo zaka zosakwana 5, koma moyo wake wonse ankalankhula za Marceline monga kwawo.

Atakula anaphunzira kujambula zithunzi zoyenda ku Kansas City komweko, natsegula kakampani kake mu 1922. Chaka chotsatira kanagwa ndi ngongole. Apo m'pamene a Disney, ali ndi zaka 21, anakwera sitima kupita ku Los Angeles, m'chigawo cha California, ulendo wa mailosi opitirira 1,500. M'thumba munali madola 40, ndipo zovala zinali m'sutukesi ya katoni.

Anafikira kwa bambo awo aang'ono, a Robert, monga amachitira mnyamata aliyense wofika m'tauni. Koma chibale cha kumeneko n'china: ankalipira madola 5 pa sabata pa chakudya ndi malo ogona. Ntchito m'makampani a kanema anaifuna osaipeza, mwakuti anayamba kujambulira m'galaja ya a Robert. Mkulu wawo wina, a Roy, anali m'chipatala cha asilikali pafupi pomwepo, akudwala chifuwa chachikulu. Mu Okutobala 1923 mayi wina wamalonda wa ku New York, a Margaret Winkler, anavomera kumagula makanema awo pa mtengo wa madola 1,500 aliyense. A Roy anatuluka m'chipatala, nabwereka madola 500 kwa a Robert, ndipo abale awiriwa anayamba kampani, wina kujambula, wina kusunga ndalama. Ankagona m'chipinda chimodzi, a Roy ndiwo ankaphika. Akapita kukadya ku malo ogulitsira zakudya, wina ankagula nyama, wina ndiwo zamasamba, n'kugawana. Amene munakhalapo pa lendi ndi mnzanu mukudziwa kuti mbale imodzi imasunga ndalama koma imabweretsanso timikangano, ndipo awiriwa ankakangana ndithu pa za kaphikidwe.

Ntchito itakula anayamba kuitana anzawo a ku Kansas City, monga momwe munthu akapeza malo ku Joni amaitanira a kumudzi kwawo. Mmodzi anali Ub Iwerks, amene anafika mu 1924, katswiri wa dzanja lofulumira. Kuyambira pamenepo a Disney analeka pang'onopang'ono kugwira pensulo, nakhala wokonza nthano ndi woyang'anira ojambula. Pa ntchito pomwepo panali mtsikana wina wopaka inki, Lillian Bounds, mwana wa wosula zitsulo wa ku Idaho, nayenso wobwera kudzafuna ntchito. Anakwatirana mu Julayi 1925, ndipo ukwati unakachitikira kwawo kwa mkazi.

Mu 1928 anawalanda kalulu wotchedwa Oswald amene ankamjambula, chifukwa pangano la pa pepala linkanena kuti kaluluyo ndi wa ena. Ojambula awo ambiri anapita ndi olandawo. Iwerks anatsala, ndipo awiriwa anapanga kambewa kovala kabudula, kotchedwa Mickey Mouse. Kuno mbewa timaikumba n'kuiwamba. Kumeneko mbewa ya pa pepala inamanga nyumba za anthu. Pa kanema woyamba wa mbewayo Iwerks ankajambula mapepala okwana 700 pa tsiku.

Tsono apa m'pamene pali mtima wa nkhani yanga. Mbewa itatchuka, a Disney sanadziwenso kuweruka. Akadya chakudya chamadzulo ankabwerera ku ntchito, mkazi wawo n'kumagona pa mpando wa mu ofesi kudikira. Mlimi, ngakhale akhale wakhama chotani, ali ndi zomuletsa: dzuwa limalowa, mvula imatha, chilimwe chimafika, maliro ndi maukwati amamchotsa kumunda. Munthu wa m'tauni wogwira ntchito ya pansi pa nyali ya magetsi alibe chomuuza kuti basi, ndipo ngati ali kutali ndi kwawo, palibenso malume kapena agogo oti amdzudzule. Mu 1931 a Disney anafooka. Tulo tinasowa, ankapsa mtima pa zinthu zazing'ono, ndipo iwo eni anasimba pambuyo pake kuti ankayamba kulira ali pakati polankhula pa telefoni. Anali ndi zaka 29 zokha. Dokotala sanawapatse mankhwala ambiri. Anawauza kuti achoke pa ntchito, apite kutali.

Ananyamuka ndi mkazi wawo. Poyamba anapita ku St. Louis, pofuna kukwera sitima ya pamadzi yotsika mtsinje wa Mississippi, chinthu chimene ankachilakalaka kuyambira ubwana, koma anapeza kuti sitima zonyamula anthu zinaleka. Anapitirira ku Washington, kenaka ku Key West, nawolokera ku Havana pa chilumba cha Cuba, ndipo anabwerera kwawo pa sitima ya pamadzi yodzera pa ngalande ya Panama. Anafika ali munthu wina. Atauzidwa kuti thupi lizigwiranso ntchito, anayesa nkhonya, kulimbana ndi gofu, koma chimene anachikonda ndi polo, mpira wosewera anthu atakwera akavalo, akumenya ndi ndodo zazitali. Pa masewera amenewa anavulala khosi, ndipo linawapweteka kufikira imfa. Munthu uyu sankadziwa kuchita kanthu pang'ono, ngakhale kusewera kumene.

Moyo wawo wa masiku onse unali wosavuta kuusimba. Ana anali awiri, Diane wobadwa mu 1933, ndi Sharon amene anamtenga ali khanda namlera monga wawo. M'mawa ankawaperekeza okha ku sukulu pa galimoto. Ngakhale analemera, pakamwa panatsala pa mwana wa mlimi: chakudya chawo chokondedwa chinali nyemba zophika ndi nyama ndi tsabola, ndipo popita ku maiko a ku Ulaya ankanyamula zitini zake m'katundu. Amene munatumizirapo mwana ufa, usipa kapena chinkhupule cha mfutso muziona kuti matendawa ndi a anthu onse. Pa tsiku lopuma ankatenga anawo kupita nawo ku Griffith Park, kumene kuli katungwe wozungulira wa akavalo osema. Ana ankakwera, bambo atakhala pa benchi akudya mtedza, akudzifunsa chifukwa chake palibe malo amene kholo ndi mwana angasangalale pamodzi.

Za makolo awo ndi zomvetsa chisoni, ndipo ndikupempha kuti mumvetsere. Kanema wawo wamkulu woyamba, Snow White, anatuluka mu Disembala 1937 nabweretsa ndalama zambiri. A Disney ndi a Roy anachita chimene mwana aliyense wa paulendo amalota: anagulira makolo nyumba yatsopano pafupi nawo, nawasamutsa kuchoka ku Portland kumene ankakhala. M'nyumbamo munali chitofu cha gasi chotenthetsera zipinda, ndipo sichinali bwino. Anthu anatumidwa kukachikonza, koma pa 26 Novembala 1938, mwezi usanathe chilowere m'nyumbamo, mpweya woipa unadzaza m'zipinda. A Elias anapulumuka, koma amayi awo, a Flora, anamwalira. A Disney sanafune kulankhulanso za imfa imeneyo, ngakhale kwa ana awo. Ndipatuke pang'ono: mbaula ya makala m'nyumba yotseka zitseko ndi mawindo imapha mwa njira yomweyo, mpweya wake suoneka ndipo sununkha. Anyakwawa, kumbutsani anthu anu mwezi wa Juni usanafike.

Mu Meyi 1941 ojambula ambiri a pa kampani yawo ananyanyala ntchito, podandaula za malipiro osiyanasiyana ndi kuchotsedwa kwa anzawo. A Disney anakwiya, poyesa kuti iwo ndi tate wa antchitowo. Kuganiza kwanga n'kwakuti anali ataiwala masiku a mbale imodzi ija. Mkangano uli mkati, mu Ogasiti ananyamuka ndi ojambula ena pa ulendo wa ku South America umene boma la America linawapempha, nakafika ku Brazil, Argentina ndi Chile. Ali komweko, mu Seputembala, a Elias anamwalira, ndipo mwana wawoyo sanabwerere kudzaika maliro. Kwathu kuno nkhani yotere ikanafika pabwalo la mfumu. Sindiwaweruza, pakuti ulendo unali wautali ndipo ndege za masiku amenewo sizinali ngati za lero. Koma ndi mtengo umene anthu a paulendo amalipira, ndipo ambiri a inu munaikapo munthu mwana wake palibe.

Nkhondo itatha mu 1945 kampani inali ndi ngongole, ndipo a Disney anayambanso kulema mtima. Khosi linali litawaletsa akavalo. Chimene chinawadzutsa ndi sitima ija. Mmodzi wa ojambula awo, Ward Kimball, anali atagula mutu weniweni wa sitima yakale mu 1938, nauika pa kanjanji kuseri kwa nyumba yake ku San Gabriel. Mu 1948 awiriwa anatenga livi napita ku chionetsero cha sitima ku Chicago, kumene anawalola kukwera ndi kuyendetsa mitu ya sitima zamakedzana. Bwana ndi wantchito wake anakhala ngati anyamata awiri othawa sukulu.

Atabwerako a Disney anayamba kupita ku shopu ya makina ya pa kampani, kumene mmisiri wina, Roger Broggie, anawaphunzitsa kusula ndi kupala zitsulo. Mwini kampani anakhala wophunzira wa wantchito wake, akudzudzulidwa akalakwitsa muyeso. Anagula malo a maekala 5 pa msewu wa Carolwood, ndipo mu 1950 anatsiriza kanjanji ka mapazi 2,615 kozungulira nyumba. Kasitimako kanali gawo limodzi mwa magawo 8 a sitima yeniyeni, koma kankayenda ndi malasha ndi nthunzi, anthu aakulu atakhala pamwamba pa mabogi. Bogi lakumbuyo analipanga ndi manja awo.

Panabuka mlandu wa malire, ndipo mafumu muukonda. Mai Disney anali atakonza zobzala maluwa pamalo pomwe njanji inayenera kudutsa, ndipo anakana. A Disney anakumba mphanga ya mapazi 90 kuti sitima idzere pansi pa maluwawo, nauza loya kuti alembe pangano, mwanthabwala koma ndi mawu onse a lamulo, lakuti mkazi walola njanji kudutsa. Ana anasaina monga mboni. Mutu wa sitimayo anautcha Lilly Belle, dzina la mkazi yemweyo. Si mlandu uliwonse wa malire umene umatha ndi kugwetsa wina.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi ichi. Kumunsi kwa malowo anamanga nyumba yofiira ya matabwa, yofanana ndi chikhola cha pamunda wa ku Marceline chimene bambo wawo ankasungiramo ziweto ndi udzu. M'menemo ndimo munali mabenchi a ntchito, opala iwo eni, ndipo akaweruka ankakhala m'menemo kufikira usiku, atavala ovolosi ndi kapusi ya woyendetsa sitima. Munthu wa zaka pafupifupi 50, wodziwika pa dziko lonse, anamanga chikhola cha bambo wake pakati pa nyumba za anthu olemera. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Kasitimako kanaleka kuyenda mu 1953, katagubuduka ndipo mwana wa mlendo atapsa ndi nthunzi. Koma pamenepo maganizo a pa benchi ya mtedza ndi a sitima anali atakumana. Anagulitsa nyumba yawo yopumirako ya ku Palm Springs, nabwereka ndalama pa inshuwalansi ya moyo wawo, ndipo kampani inagula maekala 160 ku Anaheim, ambiri a iwo minda ya malalanje. Mitengo inazulidwa, ndipo pa 17 Julayi 1955 anatsegula Disneyland, malo a masewera ozunguliridwa ndi njanji, okhala ndi msewu waukulu wokumbutsa timizinda ngati Marceline. Alimi a malalanje a dera limenelo ambiri anagulitsa minda m'zaka zotsatira, ndipo pamene panali mitengo lero pali mahotela ndi misewu. Choncho chinthu chopumirapo chija chinasandukanso ntchito, ndipo a Disney anadzikonzera kachipinda kogona mkati mwa malowo.

Kodi anatchona? Osati kwenikweni. Mu Julayi 1956 anabwerera ku Marceline pamodzi ndi a Roy, kukatsegula dziwe losambiramo limene anthu analitcha dzina lawo, ndipo anapita kukaima pansi pa mtengo waukulu wa pamunda paja umene ankakhalapo ali mwana. Mu 1960 anapitanso kukatsegula sukulu ya pulayimale yotchedwanso dzina lawo. Anayambanso kukonza zogula munda wakale uja, kuti ana a m'tauni azikaona m'mene anthu ankalimira kale. Koma kukakhala kumeneko sanakhaleko. Anali mlendo wolandiridwa ndi ng'oma, wogona masiku owerengeka.

Tchuthi chawo chotsiriza chinali mu Julayi 1966, pamene anatenga mkazi, ana ndi adzukulu pa sitima ya pamadzi m'mphepete mwa nyanja ya ku British Columbia, ku Canada. Anali akutsokomola kale. Fodya anayamba kusuta ali mnyamata ndipo sanaleke, mwakuti antchito ankadziwa kuti bwana akubwera pomva chifuwa chawo m'khonde. Mu Novembala madokotala anapeza khansa m'mapapo, ndipo pa 15 Disembala 1966 anamwalira ali ndi zaka 65. Ambiri a ife timalima fodya, koma zimenezi n'zoona ndipo sindingazibise.

Zogula munda wa ku Marceline zinathera pomwepo. Mtengo waukulu uja unagwa ndi mphepo mu 2015. Chikhola chofiira chija mwana wawo Diane sanalole kuti chigwetsedwe pamene nyumba ya ku Carolwood inagulitsidwa. Anachiphwasula bwinobwino, ndipo mu 1999 chinamangidwanso ku Griffith Park, kumene bambo wawo ankadyera mtedza podikira ana.

Nthawi yathu yatha. Tsalani bwino nonse.